Munthu wa Kumbuyo

Anandipeza pa roboti ya ku Mayfair
nditagwira katoni yolembedwa kuti ndimapenta, ndimatchetcha kapinga.
Mtsikana wa chipewa chofiira anandiyang'ana zikhatho,
anandizungulira kawiri, nati nkhope yanga ndi yachikale.
Sindinadziwe ngati akundinyoza kapena akundilemba ntchito.
Marandi mazana atatu pa tsiku, nkhomaliro yawo.

Anatitengera ku Crown Mines, kuseri kwa milu ya dothi lachikasu.
Anandivula jinzi, nandiveka kabudula wa kaki,
majombo olemera, bulangete lotuwa paphewa,
kenako anandipaka fumbi la m'botolo
ngati kuti Joni fumbi laulere linatha.
Akuti lero tili m'chaka cha 1952.
Akuti ndine wa Wenela, ndangotsika sitima.
Usayang'ane kamera. Usalankhule. Uzingodutsa.

Kutsogolo kwanga kunali awiri okondana,
mnyamata kalaliki wa pamgodi, mtsikana namwino.
Bambo ake sakufuna, lamulo silikufuna,
mvula ikugwa kuchokera m'paipi ya ozimitsa moto.
Anapsompsonana kakhumi ndi kamodzi.
Kakhumi ndi kamodzi ndinadutsa kumbuyo kwawo
ndi sutikesi yamalata, mkati muli mphepo yokha,
mpaka wandevu uja anakuwa kuti basi, chikondi chatheka.

Sutikesi yotere ndimaidziwa.
A Zakeyu, malume awo a bambo anga, ananyamula inzake
pochoka kwathu ku Bawi,
atalonjeza zaka ziwiri ndi makina osokera.
Makalata anabwera atatu. Yachinayi tikuidikirabe.
Ena amati thanthwe linawakwirira pansi pa mgodi,
ena amati anatchona ndi Msuthu wina ku Benoni.
A Nasibeko anakana amuna anayi.
Disembala aliyense ankazira kuchipinda,
namangira tambala mwendo pamtengo wa pichesi,
Januwale n'kumumasula.
Anamwalira mphasa yatsopano ili chikulungire kudenga.
Palibe anawatsegulira mvula ya m'paipi,
palibe anakuwa kuti basi.

Patatha chaka ndinadula tikiti ku Rosebank,
ndalama ya masiku awiri a paladizo wa m'mimba,
ndinakhala pakati pa anthu onunkhira, otafuna mbuliwuli.
Ndinadikira ola lathunthu.
Kenako ndinadziona: phewa, theka la bulangete,
nkhope yosungunuka ngati chithunzi chogwera m'madzi.
Kupuma katatu, ndatuluka kale.
Mayi wa pambali panga ankalirira namwino.
Inenso ndinalira, koma ndinkalirira uja wodutsayo.
Ndinkafuna kamera itembenuke khosi,
imutsate mpaka kukomboni,
imuone akuwerengetsa kalata kwa mnzake wodziwa zilembo,
akupempha kuti mzere womaliza aubwereze.

Usiku womwewo, m'chipinda chathu cha anthu asanu,
ndinafunda kumutu n'kutsegula foni.
Elube anali atasiya mawu.
Akuti khitchini ikudontha,
akuti Mavuto wakhoza masamu koma nsapato zamuthina,
akuti feteleza wakweranso.
Anakhala chete pang'ono, ndinamva mbuzi ikulira chapatali,
kenako anati: Mwadya koma?

Ndinabwereza kakhumi ndi kamodzi.

Chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi.
Ndinalonjeza ziwiri, ndi malata makumi atatu.
Pasipoti inatha mphamvu ili m'thumba la pulasitiki.
Lachisanu lililonse mabasi a kwathu amanyamuka ku Park Station,
ngolo zawo zitadzaza mafiriji, njinga, zidebe za penti,
ndipo ine ndimapita kukapereka kaphukusi kwa kondakitala,
sopo, mafuta ophikira, nsapato za saizi yongoganizira.
Ndikamabwerera ndimadutsa kumbuyo kwa anthu otsanzikana,
osayang'ana, osalankhula,
monga anandiphunzitsira.

Elube, usazire kuchipinda chaka chino.
Kapena zira.
Tambalayo yekha usamumange mwendo.