Phiri Lachikhumi ndi Chinayi

Anandipeza pamsika wa Ulongwe
ndikusoka kukamwa kwa thumba la kachewere.
Mayi wa ku Beira, dzina lake Zenaida,
nsapato zake zamtengo wa mbuzi zitatu.
"Akuti ndinu Fulujensiyo, mumalidziwa phiri la Domwe?"
Ndinati ndimalidziwa
monga lilime lidziwira dzino lobooka.

Tinapanga mtengo. Tinalawira m'bandakucha.
Shapa inatitula pomwe msewu umatopera,
chisanu cha Juni chikutafuna zala,
chikwama chake chili kumsana kwanga,
chopepuka, chosafika theka la thumba la feteleza,
koma timatumba mbwee ngati chifu cha ng'ombe.

Pokwera ankandiwerengera kabuku kachikuto chofiira.
Kilimanjaro, kumene mpweya umachepa
mpaka munthu kuiwala dzina la mayi ake.
Nepal, kumene tinsalu topachika pazingwe
timapemphera tokha mphepo ikaomba.
Peru, makwerero amiyala osemedwa ndi anthu akalekale.
Ndi Mulanje wapafupiyu,
amene anamulanda chikhadabo cha chala chachikulu.
"Khumi ndi atatu," anatero.
"Lanuli ndi lachikhumi ndi chinayi."

Ine ndinangoti eya.
Ndinamuonetsa kasupe wa kunsi kwa thanthwe
komwe anyani amamwera,
ndi udzu woterera wofunika kuuponda cham'mbali.

Dzuwa litafika paphewa tinaupeza mulu wa miyala,
waufupi, wofika m'bondo, ndere zitaumata.
Iye anasekerera, natola mwala:
"Ngati ku Nepal! Chizindikiro cha njira!"
Dzanja lake lili m'malere
ndinati, pepani mayi,
njira ili uko. Apa ndi Jenoveva.

Nanga ndikanatani, ndinafotokoza.
Ine phiri ndakwera limodzi lokha.
Ulendo woyamba ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi,
usiku, wopanda nsapato,
kumudzi kukulira mfuti, nkhokwe zili lawilawi.
Bambo anasenza mutu wa makina osokera,
mayi anatseka pakamwa pa khanda ndi chikhatho,
ine ndinabereka mlongo wanga wa malungo.
Ankatentha ngati mbatata yofukula paphulusa.
Tikufika pano ndinamva kumsana kukuzizira,
ndinakondwa,
ndinati mayi, malungo atha.

Khasu tinalibe.
Aliyense wothawa nafe anaikapo mwala,
kenaka tinalunjika ku Dedza osacheuka.

Mphepo inadutsa m'udzu. Khwangwala analira kawiri.
Mayi uja anayang'ana mwala uli m'manja mwake
ngati wamuotcha,
nafunsa chapansipansi, "Ndingaike?"
Ndinati ikani, sakana alendo,
anali mwana wokonda anthu.

Pamwamba tinafika dzuwa lili paliwombo.
Angonia yense ali ndandanda kunsi kwathu:
minda ya kachewere ngati zigamba za chitenje,
malata a sitolo akuthwanima,
uko mapiri a Dedza ali buu mu nkhungu,
malire osaoneka n'komwe,
chonsecho anatidyera zaka zisanu ndi chimodzi.
Anandigawira buledi ndi nsomba zam'chitini.
Anajambula kumadzulo, anajambula kum'mawa,
ine anayamba wandipempha.

Kenaka anatsegula kabuku kaja.
Ndinkadikira kuona nambala,
koma cholembera chinaima nthawi yaitali.
"Kodi limayamba ndi G kapena J?"
Ndinati sindidziwa, mayi,
sanafike poyamba sukulu,
dzinalo palibe analilembapo.
Lembani momwe mukulimvera.

Potsika maondo anga ankalira ngati chitseko chakale.
Iye patsogolo, ine pambuyo,
osayankhulana mpaka kumsewu.
Anandipatsa mametikali opitirira pangano,
ndinawerenga, ndinabweza apamwambawo,
iye anakana, ine ndinakana,
mpaka wa shapa anatikalipira tonse awiri.

Mawa lake ndinabwerera ku matumba anga.
Akuti chaka chamawa akukakwera lina ku Morocco.
Apite bwino.
Mlongo wanga amene sanaoneko ngakhale mlatho wa Tete
ali m'kabuku kofiira,
akukwera nawo.