Zilembo zisanu ndi ziwiri

Kulemba kunali marandi zana ndi theka,
kuseri kwa shopu ya mafoni ku Rosettenville.
Mnyamata wa ku Maputo akutafuna chingamu,
singano yake ikulira ngati udzudzu wanjala.
Ola limodzi basi.
Tinatuluka tikuseka, iwe utandigwira dzanja losatupalo,
LONJEZO akuwala pamkono panga ndi mafuta.

Kufufuta ndi mazana asanu ndi anayi ulendo umodzi,
ndipo akuti maulendo asanu ndi atatu, mwina khumi.
Ndinawerengera m'takisi ya ku Rosebank:
ulendo uliwonse ndi mitu itatu yoluka,
itatu ya tsitsi lalitali lofika m'chiuno,
lija limandisiya zala zitauma ngati chinangwa cha dzana.

Chipinda chake n'choyera, chozizira.
Nomvula, mtsikana wa makinawo,
amandiveka magalasi akuda ngati ndikukawotcherera geti.
Akuti makinawa dzina lake leza.
Ndinaseka ndekha tsiku loyamba.
Kwathu Leza ndi mwini uta uja umakhota mvula ikakata,
kuno amulumikiza kukhoma ndi nthambo
ndipo amalandira khadi la ku banki.

Tha! Tha! Tha!
Mbuliwuli zikuphulika pansi pa khungu.
Fungo ngati powawula nkhuku.
Ndimaluma mlomo n'kumawerenga matailosi a kudenga,
makumi anayi ndi awiri, limodzi losweka pakona.
Dzina lako limatuwa mbuu ngati lathiridwa ufa,
pofika madzulo labwerera,
lotupa, lokwiya, likundiyang'ana.

Ndinamufunsa Nomvula: inkiyo imapita kuti?
Anati moto wake umangoyiphwanya tizidutswa,
chotsala ndi ntchito ya thupi lako,
magazi amanyamula pang'onopang'ono,
imwa madzi ambiri, mama.
Ndiye ndimamwa.
Mabotolo atatu patsiku, pakati pa makasitomala.
Ukanadziwa njira imene ukutulukira mwa ine, Lonjezo,
sukanayenda monyada chotere mu Bree Street.

Makasitomala ndiwo anandituma.
Dzanja likamazungulira pamutu pawo
amawerenga pagalasi chobwerera m'mbuyo,
n'kufunsa: ndi mwana wanu?
Zaka ziwiri ndinkati eya.
Ndinatopa kubereka mwamuna wa ndevu
amene ali ndi ana ake enieni ku Tembisa.

Sabata zisanu ndi imodzi pakati pa moto ndi moto.
Osapita padzuwa, osakanda, osaboola matuza.
Mwezi wa Juni nkhanambo zimakoka juzi.
Ulendo wachinayi ndinadumpha,
lendi inakwera, kwathu ku Ntcheu kunagwa maliro.
Dzinalo linandidikira, silinapite kulikonse,
chinthu chimene mwini wake sanachitepo.

L anayamba kuchoka, ngati mlendo wodziwa ulemu.
Kenako O woyamba.
Z ndi O wotsiriza atsala mthunzi,
ngati dothi la tiyi pansalu yochapidwa kawiri.
Koma pakati, pomwe mnyamata uja anakanikiza kwambiri,
pakana: NJE.
Anthu akuno amatero akafuna kunena kuti chabe,
basi, popanda chifukwa.
Nomvula anawerenga n'kugwira pakamwa.
Tinaseka mpaka makina anazima okha.

M'chiuno mwanga muli mphini zisanu ndi imodzi
zimene ananditema ndili wakhanda, ndikudwala tsempho.
Palibe anandifunsa, ndipo sizindilemera.
Izi ndinasankha ndekha, ndi ndalama zanga,
nditavala diresi lofiira.

Atsala maulendo atatu, akutero.
Khungu silidzabwerera lonse,
padzatsala malo owala pang'ono,
ngati pakhoma pomwe panali kalendala.
Ndavomera.
Mawa Loweruka, wa mitu yoyamba afika sikisi koloko.
Ndanyika kale zipeso m'madzi otentha,
bandeji ili m'chikwama,
pamodzi ndi khadi lodinda masiku a leza.