Khadi M'thumba la Jekete

M'holo ya tchalitchi ku Iowa,
chipale chofewa chikumata mawindo.
Anthu a chipani akumana kuti avotere
mzere umodzi wokha:
ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, basi.

Lorne Veldhuizen ndiye mlembi.
Zaka makumi awiri wakhala akugogoda zitseko,
kukhoma zikwangwani m'mphepete mwa minda ya chimanga.
M'thumba la jekete muli khadi
yopindika m'makona chifukwa chogwiragwira:
Annika ndi Tessa, mwezi wa Juni.
Mubwere, Adadi.

Khofi wazizira m'makapu a pepala.
Mnyamata wa tayi yofiira akuti,
"Mavoti akutithawa, nkhaniyi tiisiye."
Mayi wina wadzuka ndi Baibulo losupuka chikuto:
"Ndiye tisinthanitse Mulungu ndi mpando?"

Ovomereza, manja m'mwamba.

Lorne akuwerenga manja
monga amawerengera ng'ombe zake madzulo.
Lake lagwira cholembera.
Mlembi sasowa chowiringula.

Panja injini ikulira, koma galimoto sinasunthe.
Watulutsa khadi ija.
Kuseri kwake kuli timabokosi tiwiri:
ndibwera, sindibwera.
Wapisa m'thumba, wapisanso.
Cholembera chatsala patebulo.