Khutu la Mpatseni

Anabwera Lachiwiri, chiperoni chitaphimba phiri la Thyolo,
anyamata awiri ovala majombo oyera
ndi mayi wonyamula chibuku chokutira pulasitiki.
Sanafunse kuti imadya chiyani.
Sanaigwire bere.
Anangopinda khutu n'kuwerenga ndolo yachikasu,
ziro, folo, wani, seveni,
n'kunena kuti boma lakumbukira alimi a ng'ombe,
ndalama za madeya ndi dibi
zidzalira pa foni mwezi usanathe.

Ine Felesiya Nampuluma ndinaomba m'manja,
ndinawakazingira mtedza womwe ndinasungira mbewu.

Kuno msipu kulibe, mukudziwa.
Tiyi anameza madambo kalekale,
anatisiyira m'mbali mwa msewu ndi m'ngalande.
Ndimadzuka nkhuku zisanatsike,
zenga m'manja,
kukamweta nsenjere m'malire a esiteti
mlonda akadali kusinza pa chitsa.
Mtolo pamutu, mame akutsikira m'khosi.
Ndikakama, chigubu pa njinga mpaka pa Bvumbwe
pomwe amaviika kagalasi mu mkaka wanga
kuti andigwire ngati ndathiramo madzi.
Zaka zisanu ndi chimodzi, sanandigwirepo.

Ndiye usiku wina mphepo inazula chitseko cha khola.
Mpatseni, yemwe sanapondepo kunja chibadwire,
anaona dziko lonse lili lobiriwira
n'kuthamanga ngati mwana wa sukulu Lachisanu.
Ndinam'peza m'mawa atakodwa pa waya waminga,
khutu litang'ambika pawiri,
magazi atauma patsaya.
Ndolo panalibe.
Masiku atatu ndinakwawa m'mizere ya tiyi
mpaka maondo anasanduka katondo.

Mwezi unatha. Mafoni anayamba kulira.
Ya a Likhutcha inalira ali m'tchalitchi, sanaizimitse.
Ya mai Muhiriri inalira ali kuchigayo.
Yanga ndinaitchaja kawiri kwa Sitivini wa sola,
ndinakwera nayo pachulu,
ndinagona nayo pachifuwa ngati khanda lodwala.
Zii.

Ku ofesi, kalaliki anatembenuza kompyuta kuti ndione ndekha,
ngati ndimatha kuwerenga zam'menemo.
Ziro folo wani seveni yalandira kale, mayi.
Yalandira ndani?
Mwini wake.
Nanga ine amene ndikununkha ndowe zake pano ndine yani?
Anayang'ana wotchi.

Mwini wakeyo ndinam'dziwa Loweruka pa golosale
ndikugula sopo wodula pakati.
A Kholomana, omwe pakhomo pawo pali galu ndi mapapaya basi,
anatulutsa makiyi kuti atsegule kabati ya chenji,
ndipo pakati pa makiyiwo
chinthu chachikasu chinalendewera,
chotsukidwa bwino,
koma kaubweya kakuda kadakali m'kabowo.
Ndinayang'ana. Anayang'ana.
Anandipatsa chenji chopitirira ndi mahandiredi awiri.
Ndinachisiya pa kauntala.

Akuti ndibweretse umboni.
Ndinati khutu lilipo, bwerani mudzalione.
Akuti khutu si chikalata.
Akuti pali fomu, koma mafomu anatha,
ena achokera ku Lilongwe galimoto ikapeza mafuta.
Akuti ndisadandaule, dzina langa lilowa ulendo winawo.

Madzulo ano watulutsa malita asanu ndi awiri.
Kale ankafika khumi ndi awiri, madeya akadagulika.
Ndatsamira chipumi pamimba pake, pofunda,
ndamuuza zonse, mmene zayendera,
kuti ndolo yake ikudya bwino,
yanenepa, yagulitsa mwini wake malata atsopano.
Iye wangobzikula,
n'kugwedeza khutu lija kuingitsa ntchentche,
mbali ziwiri zikuwuluka payokhapayokha.

Ali ndi bere la miyezi isanu ndi umodzi.
Chinachake chandimenya patsaya kuchokera m'katimo.
Thole limeneli likabadwa mu Januwale
a majombo oyera adzabweranso ndi chibuku chawo.
Adzaboole, si kanthu.
Koma akadzangotembenuka
ndidzalimanga makutu onse awiri ndi duku langa la Mvano,
mfundo ziwiri,
ine ndiziyenda mutu uli pamtunda.