Masamba Awiri ndi Kansonga

Masana ndimalemba makilogalamu a anthu ena.
Dengu la tiyi likwera pa sikelo, muvi unjenjemera,
nditchula nambala, mwini dengu apukuta thukuta, apita.
Usiku pa sikelo ndimakwerapo ine.

Ulendo woyamba ndinapeza 38 pa 100.
Ndinawonkhetsanso kawiri
ngati mlimi woganiza kuti venda wamubera nandolo.
Koma sikelo inali yanga, cholembera chofiira changa,
panalibe womunamizira.

Mapepala a mayeso akalewa ndinachita fotokope pa Chitakale.
Ena inki inathera pakati pa funso,
moti sitima yonyamuka sikisi koloko m'mawa
mpaka lero sinafike kulikonse.

Sukulu ya zamalonda ya ku Blantyre
ikufuna 60 kuti ingondiyang'ana nkhope.
Ikufunsa za phindu, za chiwongoladzanja,
za anthu atatu ogawana mpamba mosafanana,
zinthu zimene ku banki mkhonde
ndimawerengera pamtima ndili pa kabaza.
Koma ikani wotchi patebulo muone:
m'mutu mumagwa chiperoni,
phiri lonse la Mulanje kusowa masanasana.

44. Kenako 41.
Sabata imeneyo moni ndinkayankha ndi mutu.
Mlamu wanga Mukhito anati,
"Digiri imodzi ija yatha kale?
Enafe tikudya ndi Fomu Thu."
Magetsi anazima Lachiwiri n'kudzakumbuka Lachisanu.
Ndinawerengera tochi ya foni yoimikidwa m'kapu
mpaka nayo inatsinzina.

Chinkandidya ndi funso la nambala 9.
Osati lomwelo, koma mtundu wake wonse:
pepala lililonse lili ndi funso la makani
lomwe ndinkagwirana nalo mphindi khumi ndi ziwiri
poti kwathu mzere sausiyira pakati.
Alamu n'kulira,
mafunso khumi ofewa ali kumapeto osakhudzidwa,
akungondiyang'ana.

Anandiwongola ndi a Esime Nakhumwa,
iwo osadziwa n'komwe.
Ndinaima pafupi ndi mzere wawo, kudikira thirakitala.
Manja awo ankayenda pamwamba pa tiyi osapuma:
masamba awiri ndi kansonga, m'dengu,
awiri ndi kansonga, m'dengu.
Tsamba lokhwima ankalipitirira osalikwiyira.
Nditafunsa anaseka.
"Limenelo? Lingondichedwetsa.
Ku fakitale akalikana, ndiye ndivutikirenji?"
Tsiku limenelo anakweza makilogalamu 52.
Ndinalemba ndi dzanja langali.

Usiku ndinadumpha nambala 9.
Mtima unawawa ngati ndaiwala mwana pa depoti.
Ndinadumphanso 14.
Pofika kumapeto wotchi inali ikadali ndi chenji.
Ndinabwerera. 14 anagonja.
9 anakanitsitsa, ndinamusiya ndi makani akewo.

53.
Sabata yotsatira, 58.
Ndagula kope la zolakwa zokhazokha,
ndimalembamo pomwe ndinaterereka,
pomwe ndinagwera ndikupadziwa kale.
Ndime zazitali za Chingerezi zikadandizunguza,
makamaka zija zoti mayankho onse ndi oona
kupatula limodzi,
ngati mboni za mlandu wa malire a munda.

Loweruka ndiye mayeso enieniwo.
Minibasi yoyamba imachoka kusanache,
ikadzadza msanga, ikapanda kuima pa Luchenza
kudikira munthu amene akusamba.
Mapensulo awiri ndasongola,
chitupa chili m'thumba la malaya osita ndi makala.
58 si 60, ndikudziwa.
Ndine kalaliki, nambala sindiwonjezera
ngakhale dengu litakhala la mchemwali wanga.

A Nakhumwa amva kuti ndikupita ku tauni.
Madzulo ano amasula mfundo ya pa chitenje,
andiwerengera ndalama m'manja:
ndikawagulire mafuta opaka ku Limbe,
a botolo lobiriwira, osati enawo,
zala zawo zang'ambika ndi mame.
Chimene ndikupitira sanafunse.