Kachilembo ka Pakati

Ku Tampere, mu Januwale, mdima sudikira kuti tiweruke.
Ofesi yathu kale inali fakitale ya thonje.
Kunsi kwa zenera madzi a Tammerkoski akukana kuundana,
chisanu chilume bwanji.

Ine ndimalemba mabuku amene munthu amatsegula atakwiya kale.

Tsamba 212: "Pulogalamuyi imafuna malo okwana 64 MB."
Ndinalemba ndekha zaka zinayi zapitazo,
ndipo ndinkagona tulo.

Lero Eelis Kuusniemi waima kumbuyo kwanga, khofi m'manja,
wagogoda galasi la kompyuta ndi chikhadabo.
"Apa pakusowa i."
"Ndani?"
"Chilembo. Pakati pa M ndi B."

Akuti munthu ali ndi zala khumi,
n'chifukwa chake chikwi chake n'chosalala ngati dzira:
wani ndi maziro atatu, basi.
Makina ali ndi zala ziwiri zokha, kuyaka ndi kuzima.
Akawirikiza, nawirikizanso, mpaka kakhumi,
amalumpha chikwi osachiona
n'kukatera pa 1024.
Amene anatitsogolera anaona kuti awiriwa akufanana nkhope,
anawapatsa dzina limodzi, malaya amodzi,
nati ana adzasiyanitsa okha.

Anawo ndife.

Makumi awiri ndi zinayi n'chiyani? Nyenyeswa.
Koma pang'onopang'ono ndi mtolo:
pa mega nyenyeswazo zadzaza chikhatho,
pa giga thumba,
pa tera wina wakubenthulira pafupifupi chakhumi
iwe usanalowe m'tchalitchi.

M'dirowa muli kalata ya Mayi Orvokki Haapsaari a ku Pori.
Amuna awo ankajambula kulira kwa mbalame za m'dambo,
zaka makumi atatu, mpaka mtima unaima.
Mayiwa anagula chosungira cholembedwa 500
kuti mbalamezo zikhale m'khola limodzi.
Atachilumikiza, pulogalamu yathu inati 465.
"Ndani wadya 35?" akufunsa.
"Kodi ndi mbalame ziti zimene sizilowa?"

Palibe wadya, mayi.
Wogulitsa anawerenga ndi zala zake,
makina anawerenga ndi zawo,
ndipo ine, woima pakati, ndinakhala chete.

Msonkhano unatenga maola awiri.
Tuulikki wa zamalonda akuti "mebibayiti"
ikumveka ngati mwana wachibwibwi akupempha mkaka.
Eelis akuti bola chibwibwi kusiyana ndi bodza lolankhula bwino.
Wina akuti aliyense amadziwa kale.
Aliyense uyo sindinakumanepo naye.
Sanalembepo kalata.

Ndatsala ndekha, masamba mazana atatu ndi makumi anayi.
Sindingauze makina kuti asinthe zonse kamodzi,
pakuti ma MB ena ndi oona, a chikwi chenicheni,
ndipo kuwabaya i kungakhale kunamizira wosalakwa.
Choncho ndikupita khomo ndi khomo,
kufunsa nambala iliyonse: iwe ndiwe wa kwa yani?
Wa kwa khumi, kapena wa kwa awiri?
Ina ikuyankha msanga.
Ina mpaka ndikafukule zolemba za injiniya
amene anasamukira ku Oulu kalekale.

KiB. MiB. GiB.
Kachilembo kowonda, kamutu kosalumikizana ndi thupi,
kaima pakati pa zimphona ziwiri
ngati mboni imene palibe anaiitana.

Ndayankha Mayi Haapsaari.
Ndalemba katatu, ndafufuta kawiri.
Ndasiya masamu onse, ndangoti:
mbalame zonse zilowa, ngakhale kakang'ono kolira usiku kaja,
ngati kalipo.

Panja chipale chofewa chakwirira njanji za tiramu.
Ndalowa m'sitolo ya pakona, ndatola mbatata kilo imodzi
mongoyerekeza ndi dzanja.
Sikelo yaphethira: 1,024.
Ndaseka mokweza, ndekha, pakati pa kabichi ndi anyezi.
Mnyamata wa patilo wandiyang'ana,
wandilipiritsa magalamu onse,
ndi makumi awiri ndi anayi omwe.