Zimene Sindiwauza

Timayambira kumtunda, pansi pa mibawa,
pomwe Mulunguzi amatsika phiri akung'ung'udza.
Lero ndili ndi asanu:
azungu atatu a zipewa zotambalala,
mayi wa ku Nairobi wosasiya kulemba m'kabuku,
ndi mnyamata wobadwira ku Joni
amene akuti agogo ake anali a kuno
koma dzina la mudzi linatayika m'njira.

Nyumba ya njerwa iyi, ndikutero, ankapangiramo malamulo.
Likulu linatichoka ngati mwamuna wokakwatira kwina,
kutisiyira makonde, ndere pa malata,
ndi anyani oyenda manja kumbuyo
ngati makalaliki opuma pa ntchito.
Akuseka. Pamenepa amaseka onse.
Nthabwala imeneyi yandigulira nsapato ziwiri.

Tikutsetsereka.
Ndawaphunzitsa kuti “zikomo” ndi kiyi wa zitseko zonse,
ndiye akumuuza aliyense,
ngakhale wa kabaza amene watsala pang'ono kuwagunda.

Msika umayamba kumveka m'mphuno.
Matemba a ku Chilwa, mpunga wonunkhira m'malichero,
mbatatesi za pa phiri zikadali ndi dothi lozizira,
kaunjika wotuluka kumene m'belo,
osoka zidebe akugogoda ngati mutu wa matsire.
Abiti Mdoka andiona ndisanawaone.
“Iwe! Ndalama zanga za nsomba zija?
Mwezi watha uwu, ukungoyenda ndi azungu!”
Alendo akundiyang'ana kuti ndimasulire.
“Akuti takulandirani ku Zomba.”
Mnyamata wa ku Joni wabisa pakamwa.
Mawu oti ndalama wawamva,
magazi saiwala zonse.

Mayi wa kabuku akufunsa dzina la therere,
ndamuuza, walemba molakwa, ndamusiya.
Mzungu wamtali akujambula dzanja la gogo wogulitsa mchere
osafunsa mwini dzanja.
Ndalipira ine ndi maso.

Pa benchi ya Che Wisiki ndagula
sopo wamtanda, shuga theka,
mtedza wokazinga wa mu pepala la nyuzi.
“Za kunyumba?” akutero.
Ndagwedeza mutu. Kunyumba ndi mawu otanuka.

Dzuwa lafika paliwombo, phiri lavula nkhungu.
Azana akumveka ku mzikiti,
tikudutsa minibasi zokuwa Limbe, Limbe, mmodzi yekha.
Thukuta lawafiiritsa makosi
pofika pa chipilala cha asilikali.
Awa, ndikuloza, anakamenya nkhondo ya eni ake.
Sindinena za abambo a agogo anga,
mtengatenga wosenza bokosi la zipolopolo
mpaka khosi linalowa m'mapewa.
Ndafufuzapo kangapo ndi chala.
Mwina malo anachepa.

Kenako funso limene limabwera nthawi zonse:
nanga mpanda wautali uwo?
Ndende yakale, ndikutero, ya nthawi ya atsamunda,
kujambula n'koletsedwa.
Akutsitsa makamera mwaulemu.
Wina akuti njerwa zake n'zokongola.

N'zokongoladi.
Ndaziwerenga Lachitatu lililonse kwa zaka zitatu
nditaima pa mzere ndi jumbo m'manja.
Kuseri kwake kuli Jafali, wopondana nane pamutu,
amene anandiphunzitsa njira zachidule za tauni ino,
mayina a mitengo,
ndi nthabwala ija ya anyani.

Ulendo wathera pano.
Akuomba m'manja, akupinda ndalama m'chikhatho changa.
Mayi wa ku Nairobi akuti ndimaudziwa mzindawu
ngati mkati mwa thumba langa.
Thumba langa ndi lobooka, mayi, koma zikomo.

Galimoto yawatenga kukwera ku Chawe
kukadya sitiroberi ndi kuona dziko lili pansi.
Mnyamata wa ku Joni yekha wacheuka pawindo,
waona kumene ndalunjika.
Sanafunse.
Ndawoloka msewu,
shuga akundigunda pa bondo,
ndikuyeseza m'mutu za Abiti Mdoka
kuti Jafali akaseke.